DZINA LA WAMALONDA NDI CUMA: WOLITAYA ASENZE MLANDU

Pa golosale iliyonse ya kumudzi pali kabuku kamene mwini wake sakasiya poyera. M'menemo ndimo mulembedwa maina a anthu amene anatenga sopo, mcere kapena shuga nalonjeza kudzalipira akagulitsa mbewu. Mwini golosale adziwa kuti kabukuko kakagwa m'manja mwa munthu wa pakamwa, mudzi wonse udzadziwa amene ali ndi nkhongole ndi amene anazemba kubweza, ndipo maubale adzagwedezeka. Cifukwa cake masana akabisa pansi pa thebulo, ndipo usiku apita nako kunyumba.

Masiku ano kuli buku lina lalikulu koposa, limene mwalembedwa dzina la mwini golosale yemweyo. Bukulo iye sanalionepo, ndipo alibe mphamvu yakulibisa pansi pa thebulo. Likhala m'makompyuta a makampani osunga mbiri ya nkhongole, amene anthu ambiri awadziwa ndi dzina lakuti CRB. Zimene zacitika ku America ndi ku South Africa kuyambira mu 2017 zaonetsa kuti mabuku otere amabedwa, ndi kuti akabedwa, wamalonda wamng'ono ndiye auzidwa potsiriza ndiponso ndiye avutika koposa. Pa cifukwa cimeneci nkoyenera kuti amene apeza phindu posunga dzina la mnzake asenze mlandu pamene dzinalo latayika m'manja mwake.

Nchito ya makampani amenewa njosavuta kuimvetsa. Munthu akakongola ndalama ku banki kapena ku kabungwe kokongoza ndalama kololedwa ndi Bank of Zambia, okongozawo atumiza mbiri yake ku CRB: dzina, nambala ya reji, kumene akhala, kuculuka kwa ndalama zimene anatenga ndi mmene ali kubwezera. Ngati wokongolayo ndi kampani kapena kopaletivu, dzina lake ndi maina a oiyendetsa alembedwanso. Tsiku limene munthuyo adzapita kwina kukapempha nkhongole, okongoza atsopanowo ayamba afunsa ku CRB ngati ndi munthu wobweza. Muno m'Zambia nchito imeneyi ilamulidwa ndi lamulo la Credit Reporting Act la 2018, ndipo Bank of Zambia ndiyo ipereka cilolezo ndi kuyang'anira makampaniwo.

Ubwino wa makonzedwe amenewa ngosakanika. Mwini cigayo wa ku Katete kapena mai wogulitsa zitenje pa msika wa ku Petauke kawirikawiri alibe nyumba ya m'tauni yoti apereke cikole. Cimene ali naco ndi dzina loyera, ndipo mbiri yosungidwa bwino isandutsa dzinalo kukhala cikole cimene banki ingacione. Koma pali cinthu cimodzi cimene ciyenera kumveka. Wamalonda wamng'ono sasankha kampani yosunga mbiri yake. Iye asaina fomu ya nkhongole yolembedwa m'Cingerezi, m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina lake liyenda kumene iye sanafikeko. Amene alipira kampaniyo ndi mabanki ndi masitolo ofuna kuwerenga mbiriyo. Motero kampaniyo iopa kwambiri kukhumudwitsa banki koposa kukhumudwitsa mwini dzina.

Nkhani imene inadzidzimutsa maiko ambiri inacitika ku America mu 2017. Kampani ya Equifax, imene likulu lake lili mumzinda wa Atlanta, ndi imodzi mwa makampani atatu aakulu osunga mbiri ya nkhongole m'dzikolo. Mu March caka cimeneco akatswiri analengeza kuti pulogalamu ya kompyuta yochedwa Apache Struts, imene Equifax inali kugwiritsa nchito, inali ndi pobowoka, ndipo cotsekera cake cinaperekedwa nthawi yomweyo. Kampaniyo inacita ngati mwini nkhokwe amene wauzidwa kuti makoswe aboola pansi koma iye osamata. Pakati pa mwezi wa May akuba analowa, nakhala ali kututa mwakacetecete masiku 76, kufikira kumapeto kwa July pamene anazindikiridwa. Anthu anauzidwa pa 7 September, patapita pafupifupi masabata 6.

Maina, masiku obadwa, makeyala ndi manambala a boma a anthu 147 miliyoni anatengedwa. Ciwerengero cimeneci ciposa anthu onse a m'Zambia nthawi 7, pakuti kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni m'dziko lino. Mkulu wa kampaniyo, Richard Smith, anasiya nchito mwezi womwewo, ndipo mu July 2019 Equifax inavomera kulipira ndalama zofika madola 700 miliyoni. Ndalamazo nzambiri ndithu, koma madzi akatayika saoleka. Munthu angasinthe loko wa pa sitolo, koma sangasinthe tsiku limene anabadwa, ndipo zimene zinabedwa caka cimeneco zingagwire nchito m'manja mwa akuba kwa zaka zambiri.

Wina anganene kuti America ndi kutali. Tsono nkhani yaciwiri inacitika ku South Africa, kumene amalonda ambiri a m'Zambia apita kukagula katundu. Pa 19 August 2020 bungwe la mabanki a kumeneko lolimbana ndi umbava, lochedwa SABRIC, linalengeza kuti kampani ya Experian inapereka kwa munthu wacinyengo mbiri ya anthu ofika 24 miliyoni ndi ya mabizinesi 793,749. Pamenepa panalibe kuthyola khomo. Munthuyo anadzionetsa ngati woimira kampani yodziwika, napempha mbiriyo, ndipo anapatsidwa. Izi zinacitika mu May, kampaniyo inazindikira mu July, ndipo eni maina anamva mu August. Pa mabizinesiwo, oposa 24,000 anaululidwa ndi manambala a maakaunti ao a ku banki. Experian inanena kuti inalanda makompyuta a munthuyo ndi kufafaniza zonse, koma pasanapite nthawi mbiriyo inapezeka pa intaneti. Wacinyengoyo anagwidwa, ndipo mu 2023 khoti linamgamula zaka 15 m'ndende. Cilangoco sicinabweze maina amene anali atamwazika kale.

Nkhani yacitatu inadza mu March 2022, pamene nthambi ya ku South Africa ya kampani ya TransUnion inavomera kuti akuba analowa m'makina ake pogwiritsa nchito mau acinsinsi a mmodzi wa makasitomala ake. Akubawo anafuna madola 15 miliyoni, ndipo kampaniyo inakana kulipira. Inanena kuti anthu osacepera 3 miliyoni ndi mabizinesi pafupifupi 600,000 anakhudzidwa, ndi kuti makina olowedwawo anali osunga mbiri ya nthambi ya ku South Africa. Dzina la kampani imeneyi si lacilendo muno, pakuti TransUnion ili ndi nthambi yosunga mbiri ya nkhongole m'Zambia. Ndiponso patapita miyezi iwiri yokha, pa 9 May 2022, akuba a pa intaneti anasokoneza makina ena a Bank of Zambia yeniyeniyo. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Poyang'ana nkhani zitatu za makampaniwa, zinthu ziwiri zioneka poyera. Coyamba ncakuti akuba sanapambane cifukwa ca mphamvu zodabwitsa. Kwina anapeza pobowoka posatsekedwa, kwina anakhulupiriridwa atanama, kwina anagwiritsa nchito kiyi wa kasitomala. Kumeneku ndi kugona kwa alonda. Caciwiri ncakuti pa nkhani ya Equifax ndi ya Experian, eni maina anauzidwa mocedwa, pamene akuba anali atapeza kale nthawi yokwanira.

Nanga mbiri yobedwa ipweteka bwanji munthu wogulitsa fataleza ku Lundazi kapena wokhoma mipando ku Nyimba? Njira yoyamba ndi ya foni. Wakuba amene ali ndi dzina la munthu, nambala ya reji, dzina la banki yake ndi kuculuka kwa nkhongole yake, aimba foni nalankhula ngati wa ku banki. Pakuti achula zinthu zoona zimene mlendo sakanadziwa, wamalonda akhulupirira, ndipo akafunsidwa nambala yacinsinsi kapena manambala amene angofika kumene pa foni, awapereka. M'kamphindi akaunti iuma. Nthawi zina wakubayo anyenga ogwira nchito ku kampani ya mafoni kuti nambala ya mwini isamutsidwire pa SIM ina, ndipo mauthenga onse a ndalama ayamba kufika kwa iye.

Njira yaciwiri ndi yakuvala dzina la mnzake. Wakuba atenga nkhongole kapena katundu wa pa nkhongole m'dzina la bizinesi, nazimiririka. Mwini wake sadziwa kanthu kufikira tsiku limene apita ku banki kukapempha ndalama zogulira katundu wa nyengo ya dzinja, nauzidwa kuti dzina lake lada ku CRB. Njira yacitatu ndi ya kalata yonama. Ogula katundu kwa wamalondayo, monga sukulu kapena cipatala cimene iye aperekako nyemba ndi ufa, alandira uthenga wakuti akaunti yake yasintha, ndipo malipiro a miyezi itatu agwera m'thumba la munthu wina.

Kampani yaikulu ikagwa m'vuto lotere ili ndi maloya, akatswiri a makompyuta ndi ndalama zodikirira mlandu. Wamalonda wamng'ono alibe zimenezi. Kwa iye dzina la bizinesi ndi dzina la mwini ndi cinthu cimodzi: foni ndi imodzi, reji ndi imodzi, ndipo thumba limene mucokera ndalama za katundu ndi lomwelo mucokera ndalama za yunifomu ya ana ndi za mankhwala a agogo. Kuti akatsutse nkhongole imene sanatenge, afunika kutseka sitolo, kulipira basi ya ku Chipata kapena ku Lusaka, ndi kulemba makalata m'cinenero cimene sacidziwa bwino. Banki ikamkana, cotsala ndi kaloba, amene ciwongoladzanja cake cimeza phindu lonse. Motero kulakwa kwa kampani ya mumzinda waukulu kutha ndi kutsekedwa kwa kantemba ya kumudzi, ndi kucotsedwa nchito kwa mnyamata amene anali kuthandiza pa sikelo.

Comvetsa cisoni ncakuti malamulo kawirikawiri aiwala munthu ameneyu. Ku America, amalonda ang'onoang'ono anasumira Equifax pamodzi, nanena kuti mabanki ayang'ana mbiri ya mwini asanakongoze bizinesi yake, cotero kubedwa kwa mbiri ya eni kunaika mabizinesi ao pa ngozi. Mu 2019 khoti la ku Atlanta linataya dandaulo lao, pamene la anthu paokha linapitirira. Kuyambira mu September 2018 lamulo la dzikolo lilola munthu aliyense kutseka mbiri yake kwaulere, kuti wina asatenge nkhongole m'dzina lake iye asanaitsegule, koma ufulu umenewo ngwa munthu payekha, wosati wa bizinesi. South Africa inatsata njira ina. Lamulo lake la 2013 loteteza mbiri, lochedwa POPIA, linena poyera kuti kampani nayonso ili ndi mbiri yoyenera kutetezedwa.

Zambia ili ndi poyambira pabwino. Lamulo la 2018 lipatsa munthu ufulu wakuona zimene zalembedwa za iye ndi kutsutsa zolakwika. Lamulo la Data Protection Act la 2021 lilamula kuti wosunga mbiri ya anthu, mbiriyo ikabedwa, adziwitse ofesi ya Data Protection Commissioner pasanathe maola 24, ndiponso adziwitse eni ake mwamsanga. Koma lamulo la 2021 likamba za mbiri ya munthu payekha. Kopaletivu ya alimi, kalabu ya amai ndi kakampani ka anthu awiri kolembetsedwa ku PACRA afunika mau omveka owateteza, ndipo Nyumba ya Malamulo ndiyo ili ndi mphamvu yakuwalemba. Pali zinthu zinai zimene Boma, Bank of Zambia ndi makampaniwo ayenera kuziika patsogolo.

Coyamba, cenjezo lifike kwa mwini dzina msanga ndiponso m'cinenero cake. Cidziwitso coikidwa pa intaneti m'Cingerezi sicifika ku Chama kapena ku Vubwi. Pa nkhani ya TransUnion, bungwe la boma la South Africa loyang'anira mbiri ya anthu linaona kuti cidziwitso ca kampaniyo cinali cosakwanira, ndipo linailamula kulengeza m'manyuzipepala ndi pa mawailesi m'zinenero zonse za boma. M'Zambia muli wailesi ya ZNBC youlutsa m'zinenero 7, muli mawailesi a m'maboma, ndipo uthenga wa pa foni ufika ngakhale kumene kulibe mseu wa tala. Lamulo linene kuti njira zimenezi zigwiritsidwe nchito, ndi kuti kampani yotaya mbiri ndiyo ilipire.

Caciwiri, wamalonda aliyense akhale ndi njira yapafupi yakutseka ndi kutsegula mbiri yake ndi ya bizinesi yake, popanda kulipira, pogwiritsa nchito foni wamba yopanda intaneti. Pamodzi ndi zimenezi, nthawi iliyonse pamene wina afunsa mbiri yake ku CRB, iye alandire uthenga. Munthu amene ali m'munda nalandira uthenga wakuti kabungwe ka ku Kitwe kali kufunsa za iye, adzadziwa tsiku lomwelo kuti wina wavala dzina lake.

Cacitatu, mtolo wa umboni ukhale pa wamphamvu. Ngati mbiri inabedwa m'manja mwa kampani, ndipo pambuyo pake papezeka nkhongole imene mwini dzina aikana, nkhongoleyo isawerengedwe kufikira wokongoza ataonetsa kuti anakongozadi munthu woyenera. Ndalama za ulendo, masiku amene sitolo inatsekedwa ndi phindu lotayika zibwezedwe ndi amene analekerera. Kampani imene idziwa kuti kulekerera kudzaidyera ndalama zambiri koposa kulemba alonda abwino, idzalemba alondawo popanda kukakamizidwa.

Cacinai, Bank of Zambia iyang'anitsitse makomo amene akuba analowerapo kwina. Wopempha mbiri ya anthu ambiri nthawi imodzi afufuzidwe asanapatsidwe. Kasitomala asalowe m'makina ndi mau acinsinsi okha popanda citsimikizo caciwiri. Mapulogalamu obowoka atsekedwe m'masiku owerengeka, ndipo akatswiri osalembedwa ndi kampaniyo ayese makina ake caka ndi caka. Mbiri imene nchito yake yatha ifafanizidwe, pakuti cimene sicinasungidwe sicingabedwe.

Komabe wamalonda asakhale manja lende kudikira malamulo. Nambala yacinsinsi ndi manambala otumizidwa pa foni ndi za iye yekha, ndipo banki yeniyeni siziitanitsa pa foni. Woimba foni angadziwe dzina la munthu, la bizinesi ndi la banki, koma kudziwa zimenezo si umboni wakuti ndi wa ku banki. Canzeru ndi kudula foni ndi kukafunsa ku nthambi, kapena kuimba nambala yolembedwa pa khadi. Popereka fotokope ya reji, alembepo pakati tsiku ndi cifukwa cake, kuti pepalalo lisakagwire nchito ina. Foni ikasiya kugwira mwadzidzidzi pamene a anzake ali kugwira, apite tsiku lomwelo ku kampani ya mafoni ndi ku banki.

Ndiponso auziretu onse ogula katundu kwa iye kuti uthenga uliwonse wonena za kusintha kwa akaunti ayambe amfunsa pamaso kapena pa nambala imene aidziwa kale. Kamodzi pa caka, makamaka isanafike nyengo yopempha nkhongole za ulimi, apemphe kuona mbiri yake ku CRB. Akapezamo nkhongole yacilendo, akanene ku polisi, asunge pepala la ku polisi, ndipo alembe dandaulo ku CRB ndi kwa wokongozayo, ndi kusunga kope la kalata iliyonse. Ngati sathandizidwa, apite nalo dandaulo ku Bank of Zambia. Pa nkhani za mafoni acinyengo, bungwe la ZICTA ndilo liyang'anira makampani a mafoni. Alembi a makopaletivu ndi a makalabu, amene asunga mafotokope a mareji a mamembala m'zikwama ndi m'makatoni, adziwe kuti naonso ndi osunga maina a anzao, ndipo mapepalawo akhale m'bokosi lokhoma.

Alipo ena amene pomva nkhani zotere adzati kuli bwino kubwerera ku cikopo cokwirira pansi pa bedi ndi kuleka mabanki. Maganizo amenewo ngomveka, koma sathandiza. Ndalama za m'cikopo zidyedwa ndi ciswe, ndi moto, ndi kukwera kwa mitengo, ndipo munthu wopanda mbiri ku banki sangakule kupitirira pamene cilimba ndi kaloba zimfikitsa. Cofunika ndi kukonza nkhokwe, osati kuleka kulima. Mafumu, anyakwawa, alangizi a zaulimi ndi atsogoleri a mipingo angathandize kwambiri pofotokoza zinthu zimenezi pa misonkhano, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo munthu wocenjezedwa ndi mfumu yake sapusitsidwa msanga ndi mau a mlendo pa foni.

Mwini golosale wa kumudzi akataya kabuku ka nkhongole, sanena kuti ndi tsoka la olembedwamo. Ayenda khomo ndi khomo kupepesa, ndipo ngati wina wavulala naco, nkhaniyo ikambidwa pa bwalo. Makampani amene asunga maina a anthu mamiliyoni, napeza phindu pa dzina lililonse, sayenera kupatsidwa muyeso wocepa kuposa umenewu. Wamalonda wamng'ono amanga dzina lake zaka zambiri, pobweza ngwee iliyonse pa tsiku lake, ngakhale m'caka ca cilala. Amene alandira dzinalo kuti alisunge alisunge monga cuma ca mwini, ndipo likatayika anene msanga ndi kulipira.